Akangosanza m'mawa, wolemba wamaliza ntchito

Pali chinthu chimodzi chimene olemba nkhani za Chichewa akuoneka kuti anagwirizana osakhalirana pansi. Mtsikana akadzuka m'mawa n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukasanza, ndiye kuti basi. Sangakhale kuti wadya ndiwo zogona, sangakhale malungo. Mayi ake amuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amukokera kuchipinda, n'kumufunsa kuti anasamba liti. Ife owerenga timakhala titadziwa kale yankho, ndipo timadziwanso zonse zotsatira mpaka tsamba lomaliza.

Ndikunena nkhani zimene ambiri timawerenga pafoni, zija za ma part pa Facebook zimene wolemba amati ma comment akachuluka ndi pomwe aponye gawo lotsatira, zija zimazungulira m'magulu a WhatsApp, komanso masewero a m'makalabu a kusukulu ndi a achinyamata kutchalitchi. Mukaziika pamodzi mupeza kuti ndi nkhani imodzi yongosintha zovala. Mtsikana wanzeru wa Fomu 3, kawirikawiri wochokera kumudzi, akukhala kwa azakhali ake ku Ndirande kapena ku Area 25. Wapeza mnzake woipa wopaka milomo. Kwabwera bambo wa galimoto, kapena mnyamata wa kabaza woolowa manja. Foni yatsopano, tchipisi ndi nkhuku, resiti hausi. Kenako kusanza kuja. Mwamuna wakana, sukulu yatha, azakhali amukweza basi yobwerera kumudzi. Wolemba akakhala kuti sanakhutire, amamuonjezera kachilombo, n'kumuwondetsa m'ndime ziwiri zokha, n'kumuika m'manda anthu akuimba nyimbo. Pansi pake ma comment mbwee: atsikana phunziranipo.

Sindikunena kuti zoterezi sizichitika. Zimachitika, ndipo manambala ake ndi owawa. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pathupi poyamba. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kauniuni wa boma anapeza mimba za atsikana zoposa 40,000 m'miyezi yochepa chabe. Wolemba amene akulemba za mimba ya mwana wasukulu sakupeka vuto. Chimene ndikutsutsana nacho ndi momwe akuligwirira.

Tiyambe ndi tauni, chifukwa apa pokha nkhani zathu zimanama poyera. Kafukufuku yemwe uja anaonetsa kuti kumudzi ndiye kuli mimba zambiri za atsikana: 31 pa 100 aliwonse, pamene m'tauni ndi 21. Koma m'nkhani zathu mudzi ndi malo oyera kumene mtsikana amachokako ali bwinobwino, tauni n'kumumeza. Ichi ndi chizolowezi chakale cha zolemba zathu, cha nthawi imene tauni inali malo a anthu a pa ulendo, kumene munthu amapita kukagwira ntchito n'kudzabwerera kwawo. Lero kuli ana obadwira ku Chinsapo, ku Bangwe, ku Chibavi, amene makolo awonso anabadwira komweko. Alibe mudzi woti n'kuwabwezako. Mtsikana wotere akatenga mimba amakhalabe m'nyumba yomweyo ya lendi ya zipinda ziwiri, akutunga madzi pa kiyosiki yomweyo, akudutsana tsiku ndi tsiku ndi mnyamata uja pa siteji. Nkhani ya iyeyu ndi yovuta kulemba kuposa ya wokwezedwa basi, n'chifukwa chake siioneka.

Mimba ndi yokoma kwa wolemba waulesi. Imaoneka ndi maso, ili ndi kalendala yakeyake ya miyezi 9, ndipo imabweretsa yokha anthu okalipa: mayi, malume, ahedi, abusa. Wolemba safunika kulowa m'mutu mwa mtsikanayo, mimba imamugwirira ntchito yonse. Ndipo poti cholinga chake n'chakuti mimbayo ikhale chilango, nkhani imathera pomwe chilango chagwa. Chonsecho dziko lino lili ndi ndondomeko, yomwe inayamba mu 1993, yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Ana ena amene anabadwa chaka chimenecho ali ndi ana awo tsopano, koma nkhani zathu sizinamvebe uthengawo. Tangoganizani tsiku loyamba la mtsikana wobwerera m'kalasi, bulauzi itanyowa mkaka pa phunziro la masamu, anzake akumutchula kuti amake mwana, iye akuwerengera mumtima ngati agogo akumbukira kumwetsa mwana phala. M'tsiku limodzi limenelo muli zambiri kuposa m'ma part 20 a galimoto ndi tchipisi. Shemu Joyah mu filimu yake ya Seasons of a Life anayesako njira imeneyi: mtsikana wantchito wa m'nyumba apatsidwa mimba ndi bwana wake, koma filimuyo siithera pamenepo, imamutsatira mpaka ataphunzira n'kudzamenyera mwana wake kukhoti. Mukhoza kunena kuti zinthu zinamuyendera bwino kwambiri kuposa momwe zimayendera ambiri, ndipo ndingakuvomereni. Komabe anamulola kukhala ndi moyo itadutsa mimba, chinthu chimene olemba ambiri a pafoni amamumana.

Mnyamata ndiye amangosowa ngati utsi. Wakana, wathawira ku Joni, kwatha. Palibe amene amatiuza zomwe zili m'mutu mwa mwana wa zaka 17 amene walandira meseji usiku yoti sindinasambe mwezi uno, alibe ndi 5,000 kwacha yomwe, ndipo bambo ake ndi mkulu wa mpingo.

Koma chimene chinandichititsa kuti ndilembe izi si mimba ayi. Ndi matenda. M'nkhani zathu muli nthenda imodzi yokha yopatsirana pogonana, HIV, ndipo ndi HIV ya zaka za m'ma 1990, ya tsitsi lopyapyala ndi mashingozi ndi bokosi. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Mu 2011 Malawi linali dziko loyamba kuyambitsa ndondomeko yoti mayi aliyense wapakati wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse, ndipo maiko ena anadzatengera kuno. Pali achinyamata ambiri m'makalasi mwathu amene anabadwa ndi kachilombo, akumwa mankhwala, ali ndi thanzi, ndipo nawonso akuwerenga nkhani zimenezi pafoni. Mukamupha munthu wanu m'ndime ziwiri kuti owerenga aphunzirepo, mukuwauza chiyani iwowa? Ndi nkhanza, komanso ndi kulemba kwa munthu amene anasiya kuyang'ana dziko zaka 20 zapitazo.

Nanga matenda enawo ali kuti? Mayina ake tili nawo m'chinenero chathu, akalekale: chindoko, chinzonono, mabomu, njerewere za kumaliseche. Agogo athu amawadziwa. Koma werengani ma part 50, simupeza mwana wasukulu wodwala chinzonono. Akatchulidwa ndiye kuti ndi nthabwala, mnyamata akuyenda chotang'adza anzake akumuseka. Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Matendawa sapereka chithunzi. Satupitsa mimba, sabweretsa ahedi, saitanitsa maliro sabata yomweyo. Wolemba wozolowera kuti zinthu zizioneka ndi maso amasowa pogwira.

Chonsecho kusaoneka kwakeko ndiye nkhaniyo. Taonani mmene chindoko chimayendera. Chimayamba ndi kachilonda kosapweteka, kamene kamapola kokha pakapita masabata angapo ngakhale munthu osamwa kanthu. Munthu n'kumati ndachira, kapena n'kuthokoza mankhwala a zitsamba amene anagula kumsika. Pakapita nthawi pamatuluka totupa m'thupi, nthawi zina m'zikhatho ndi kuphazi, nato n'kuzimiririka. Kenako zii, zaka. Koma nthenda ili m'magazi. Mtsikana akadzatenga pathupi, chindokocho chimatha kudutsa n'kukafika kwa mwana: kupita padera, mwana kufera m'mimba, kapena kubadwa akudwala. Ndipo zonsezi zimapeweka ndi jakisoni wa penisilini akachipeza msanga, n'chifukwa chake kusikelo amayeza magazi. Tsono ikani pamenepo mtsikana wa zaka 16 amene akumanga mimba ndi chitenje kuti isaoneke, amene sapita kusikelo mpaka mwezi wachisanu ndi chiwiri poopa kukumana ndi anzawo a mayi ake pamzere. Manyazi omwe aja amene nkhani zathu zimalimbikitsa ndi amene akumuchedwetsa kukalandira jakisoni amene akanapulumutsa mwanayo. Wolemba aliyense wodziwa ntchito yake akanalumphira nkhani yotere. Ili ndi chinsinsi, ili ndi nthawi imene ikutha, ndipo wowerenga akudziwa chimene mwiniwake sakudziwa.

Chinzonono nacho chili ndi tsankho lake. Kwa mnyamata chimalankhula msanga: masiku ochepa chabe, pokodza pakuwotcha, mafinya akutuluka, sangachinyalanyaze. Kwa mtsikana nthawi zambiri chimakhala chete, ndipo mnzake wa chinzonono wotchedwa chlamydia, amene alibe ndi dzina lomwe la Chichewa loti aliyense n'kulizindikira, ndiye wachete kwambiri. Matendawa akakhalitsa amakwera n'kukawononga machubu a chiberekero. Zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka, mwina ndi mimba yomera m'chubu imene ikhoza kupha munthu, mwina ndi kusabereka kumene. Ndiye taganizani mkazi wa zaka 28, ukwati wa kutchalitchi, apongozi ayamba kuyankhula, akuzungulira kwa asing'anga ndi kwa aneneri, osadziwa kuti nkhani yake inayamba ali Fomu 2 ndi nthenda imene sinamupweteke n'komwe. Nkhani za mkazi wosabereka tili nazo zambirimbiri, ndipo pafupifupi zonse zimaloza kwa mfiti kapena kwa mkazi mnzake wanjiru. Za mtsikana wasukulu tilinso nazo zambirimbiri. Palibe amene akulumikiza ziwirizi, chonsecho nthawi zina ndi munthu mmodzi yemweyo.

Pali kena kamene kamakulitsa vutoli. M'zipatala zathu zambiri matendawa amawachiza potengera zizindikiro zimene munthu wabwera nazo, osati poyeza mu labu. Wabwera ndi chilonda, mankhwala ake awa. Wabwera ndi chikazi chachilendo, mankhwala ake awa. Njirayi imathandiza anthu ambiri mwachangu, koma amene alibe chizindikiro sabwera n'komwe. Njira yoti mtsikana wotere adziwe ndi yoti mnyamata uja, amene chinzonono chamuwotcha, amuuze. Ndipo apa ndi pamene pali kanthu kamene ndimadabwa kuti olemba athu sanakatole: kakalata kaja amakupatsa kuchipatala, monga ku kiliniki ya matendawa pa Bwaila ku Lilongwe, koti ukapatse amene unagona naye kuti nayenso abwere adzalandire mankhwala. Kapepala kakang'ono, kokwana m'thumba la yunifolomu. Mnyamata wakalandira. Akapereke kwa ndani, poti alipo awiri? Akapereka, wavomera kuti anayenda kwina, kapena akumuloza mtsikanayo kuti ndiye wabweretsa? Akakang'amba n'kukataya m'ngalande, iye wachira, winayo watsala nayo, ndipo akadzakumananso ayitenganso. M'kapepala kameneko muli chikondi, mantha, bodza ndi ulemu wa munthu. Palibe chifukwa chobweretsera bambo wa galimoto.

Ndipo ndili ndi nkhawa ina, iyi ndi maganizo anga chabe. Nkhani zathu zaphunzitsa bwino kwambiri kuopa mimba, moti wachinyamata wa m'tauni waphunzira kuthana ndi mimba yokhayo. Amadziwa famase imene imagulitsa ma emergency osafunsa mafunso. Ena ali pa jakisoni. Zimenezi n'zabwino pa ntchito yake, koma piritsi la emergency silitchinga chindoko, jakisoni wolera satchinga chinzonono kapena HIV. Kondomu ndi imene imagwira mbali zonse ziwiri. Ndiye mtsikana amene sanasanze m'mawa, amene m'maso mwa wolemba wapulumuka ndipo alibe nkhani, akhoza kukhala yemweyo amene ali ndi nkhani yaikulu. Mabuku athu samuona chifukwa mimba yake ndi yafulati.

Mwina wina anena kuti nkhani si kabuku ka zaumoyo, wolemba si namwino. Zoona, ndipo mbali inayo nayo ili ndi matenda ake. Tonse tinamverapo masewero a mabungwe amene anthu ake amalankhula ngati chikwangwani cha pamsewu. Mtsikana wa zaka 15 akuuza chibwenzi chake kuti tiyeni tipite ku chipatala chimene chili pafupi nafe kuti tikalandire uphungu woyenera. Ndani amalankhula choncho pa Chigwirizano? Sewero lotere limakhala ndi mfundo zonse zolondola koma mulibe munthu, ndipo omvera amadziwa pa mphindi yoyamba kuti akuphunzitsidwa. Tikuferanji inakhalitsa pa wailesi ndi pa kanema chifukwa Manganya anali munthu, wamakani, wolakwitsa, woseketsa, woti ukhoza kukumana naye pa bawo. Anthu ankatsegula kuti aone Manganya, uthenga wa Edzi n'kulowera pomwepo. Kuti Michael Usi anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024 ndi nkhani ina, koma zikusonyeza kutalika kwa mtunda umene munthu wa m'sewero angayende m'mitima ya anthu. Zathu pa Wailesi, imene inayamba mu 2017, inachita chinthu china chimene ndimachiyamikira: inaika anyamata ndi atsikana pamodzi ngati abwenzi wamba, n'kumupatsa mnyamata mtima ndi mantha akeake m'malo momusandutsa fisi. Kunja kuno MTV Shuga, imene inayambira ku Kenya mu 2009 muli Lupita Nyong'o, inaonetsa kuti ukhoza kuika kiliniki pakati pa nkhani ya achinyamata a m'tauni anthu osathawa, bola anthu akewo akhale oti umawafunira zabwino.

Kusiyana kwake sikuli pa kuchuluka kwa mfundo za chipatala. Kuli pa kumene wolemba waima. Wolemba wa ma part uja amaima pamodzi ndi azakhali, ndi ahedi, ndi khamu la pa mjigo, akuloza chala. Amalemba ngati nankungwi wokwiya, koma nankungwi weniweni amatchulako zinthu ndi mayina ake akakhala kuseri ndi namwali. Uyu ndi nankungwi wa pa msonkhano, woopa mawu. Ndiye mumapeza ziganizo zozungulira: anachita zosayenera, anagwa m'tchimo, anatenga matenda. Matenda ati? Chodabwitsa n'chakuti wolemba yemweyo sachita manyazi pofotokoza za m'resiti hausi, pamenepo ndiye amatambasula mpaka ma part awiri chifukwa akudziwa kuti ma like ali pomwepo. Manyazi amamugwira pokhapokha pofika pa mafinya ndi pa mzere wa kuchipatala. Zokoma azifotokoza, chilango achifotokoza, koma chapakatipo, pamene munthu angathe kuchitapo kanthu, amadumpha.

Kuchotsa mimba nako amakugwira chimodzimodzi. Kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher anayerekeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno. M'nkhani zathu aliyense wochotsa mimba amafa, kawirikawiri m'bafa, magazi ali ponseponse. Ena amafadi, ndipo imfa zimenezo ndi zenizeni. Koma ambiri mwa anthu 141,000 aja ali moyo, ali m'maofesi, m'makwaya, m'minibasi momwe takwera, atasunga chinsinsi chawo. Kaya inu mumaima mbali iti pa nkhani ya lamulo lija lakhala likukanika kukambidwa ku Nyumba ya Malamulo, wolemba amene amapha aliyense sakukuuzani zoona za anthu amene mukukhala nawo.

Owerengafe tilinso ndi mbali yathu, poti olembawa amalemba akuyang'ana ma comment. Gawo limene mtsikana wathamangitsidwa pakhomo ndi limene limadzaza ndi azionere yekha, anafuna yekha, mwana wosamva. Wolemba amaona kuti apa ndiye pali msika, gawo lotsatira n'kuonjezera moto. Koma pakati pa anthu mazana amene akulemba ndemangazo pali wina amene sakulemba kanthu. Ali pa bedi, foni ili pa chaji, bandulo ya usiku ikutha, ndipo kwa masabata awiri wakhala akumva kuyabwa kumene sakudziwa kuti auze ndani. Chipatala cha boma chili ndi ndondomeko ya chithandizo chokomera achinyamata kuyambira 2007, Banja La Mtsogolo ilipo, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni ilipo, koma iye chimene waona m'gawo la lero n'chakuti mtsikana wa mtundu wake amathera m'bokosi anthu akuombera m'manja. Adikira part yotsatira kuti aone ngati kuli njira ina, ndipo wolemba walonjeza kuti aiponya mawa 8 koloko ma comment akakwana.